Mtsikana wa Diresi Yofiira Watuluka Bwanji?

Tiyamike: Abale, alipo ali maso? Ine tulo tandithawa. Wina andiuze kuti ndinaona molakwika. Mtsikana wa diresi yofiira uja watuluka mu mpikisano woimba wa pa TV, mnyamata wa gitala n'kupitirira? Zoona zimenezi?

Kondwani: Zoona achemwali. Ine ndinadziwiratu pomwe wotsogolera pulogalamu uja anayamba kukoka mawu ngati akulengeza maliro. Ndinangodzuka kukamwa madzi.

Tiyamike: Masabata asanu onse majaji akhala akumuimirira. Dzulo lomwe jaji wamkazi uja anachita kupukuta misozi. Ndiye lero akuti anthu sanamufune? Anthu ake ati?

Achisale: Ana inu mumandiseketsa. Mpaka pano mukukhulupirira kuti timauthenga tanu tija timawerengedwa? Wopambana anamusankha kale mpikisano usanayambe. Inu ntchito yanu n'kuthira mayunitsi basi, eni ake akukolola.

Kondwani: Achisale afika. Chaka chilichonse nyimbo yake ndi yomweyo.

Achisale: Ndipo chaka chilichonse ndimalondola.

Yamikani: Achisale, pang'ono ndikuvomerezani, kwinako ayi. Zoti mavoti amasokonekera zinachitikapo ndithu. Mu 2009 pa mpikisano woimba wa Idols ku South Africa analengeza kuti wapambana ndi Sasha-Lee Davids. Patangopita masiku ochepa zinadziwika kuti mauthenga ambiri a pafoni anachedwa panjira ndipo sanawerengedwe, ndipo atawerenga bwino anapeza kuti Jason Hartman ndiye anali ndi mavoti ochuluka. Mapeto ake anangoti onse awiri ndi opambana. Ku Russia mu 2019, pa The Voice ya ana, wailesi ya kanema inafafaniza zotsatira zonse itapeza kuti mavoti ambirimbiri a mwana amene anapambanayo anachokera ku makina, osati kwa anthu. Ku Britain nako, mu 2008 bungwe la Ofcom, loyang'anira mawailesi, linalipiritsa wailesi ya kanema ya ITV chindapusa choposa mapaundi 5 miliyoni chifukwa cha chinyengo pa mapulogalamu oimbira foni, ndipo imodzi mwa mapulogalamuwo inali ya mpikisano woimba.

Achisale: Mwamva? Mwana wadziwerengera yekha umboni wanga.

Yamikani: Dikirani kaye bambo. Zonse ndatchulazi zinaululika, ndipo eni ake anachita manyazi pamaso pa dziko lonse. Kuba mavoti n'koopsa kwa iwo, chifukwa akagwidwa otsatsa malonda amathawa. Komanso alibe chifukwa chobera. Ali ndi njira ina yosavuta imene palibe angawamange nayo. Iwo ndi amene amasankha kuti ndani aimba koyamba anthu akadali kukhitchini, ndani aimba komaliza mizere yovotera itatsala pang'ono kutsegulidwa, ndani apatsidwa mphindi zitatu zofotokoza moyo wake, ndani angotchulidwa dzina n'kukankhidwira pa siteji. Voti ndi yanu ndithu, koma mtima umene mukuvoterawo aukonza ndi iwo.

Tiyamike: Dzulo mtsikana uja anaimba wachiwiri. Wa gitala uja ndiye anatsekera.

Yamikani: Ndi zimenezo.

Aphunzitsi Mvula: Ndawerenga zonse. Mundilole ndilankhule ngati munthu amene wakhala akuphunzitsa kwaya zaka zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti Tiyamike andikwiyira. Mtsikana uja mawu ali nawo, palibe wotsutsa. Pa onse amene atsala palibe womufika. Koma dzulo sanaimbe bwino.

Tiyamike: Aphunzitsi!

Aphunzitsi Mvula: Ndimvetsere mwanangu. Nyimbo ija anaiyambira pamwamba kwambiri. Ukayamba vesi yoyamba uli kale padenga, pofika pa kolasi ukwera pati? Anayamba kukankha mawu ndi khosi m'malo mwa mpweya wa m'mimba, ndipo kumapeto kuja, pomwe anthu a mu holo anaimirira, iye anali atatsika pang'ono pa kiyi. Bwererani mukamvetsere ndi mahedifoni. Chachiwiri, anapindapinda liwu lililonse. Kupinda mawu kuli ngati mchere, ukachuluka munthu sumvanso chimene ukudya. Ine sindinagwire ngakhale chiganizo chimodzi cha nyimbo ija.

Mnyamata uja mawu ake ndi ochepa, ndipo iye mwini akudziwa. N'chifukwa chake sapita kumene sangafike. Amasankha nyimbo yokwana pakhosi pake, amatchula mawu momveka, amayang'ana kamera. Mu holo amene amakuwa ndiye amaomberedwa m'manja, chifukwa zokuzira mawu zimagwedeza chifuwa. Koma ovota sali mu holo. Ali pabalaza, akumvera pa kasipika ka TV kapena ka foni, mwana akulira pambali. Kumeneko kukuwa kumangomveka ngati phokoso, pomwe munthu woimba motsitsa amamveka ngati akulankhula ndi iwe.

Kondwani: Aphunzitsi, ndiye bwanji majaji anaimirira?

Aphunzitsi Mvula: Poti nawonso ali mu holo. Komanso jaji akamaimirira sabata iliyonse, kuimirirako sikukhalanso ndi tanthauzo.

Mayi a Dalitso: Ine ndisabise. Ndinavotera wa gitala. Kakhumi ndi kawiri.

Tiyamike: Mayi! Ndiye ndinu amene mwatipha!

Mayi a Dalitso: Ndikupheni bwanji, foni ndi yanga. Inu simunaone kafilimu kaja asanaimbe? Mwana uja akulera azing'ono ake atatu yekha. Gitala ija anachita kubwereka. Pomwe anatchula malemu mayi ake ine misozi inangoyamba yokha. Mtsikana wanuyo akatuluka apeza pena poimba, mawu otere sasowa malo. Koma mnyamata uja akatuluka abwerera kuti?

Achisale: Ndiye ndi mpikisano woimba kapena wa umphawi?

Mayi a Dalitso: Achisale musandinyoze. Inu simuvota n'komwe.

Nangozo: Mayi a Dalitso, sindikukutsutsani, chifundo si tchimo. Koma poti nkhani yafika apa, ndikuuzeni zimene zinandichitikira, ena pano sadziwa kuti ndinakayesako mpikisano wina zaka zapitazo. Dzina lake sinditchula.

Tinafika kusanache. Anatimata nambala pachifuwa, tinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Ine m'mutu mwanga ndinkaganiza kuti ndikalowa ndikapeza majaji a pa TV aja atakhala kuseri kwa tebulo. Ayi ndithu. Ndinapeza achinyamata awiri ali ndi mapepala, wina akudya. Anati imba. Sindinathe ngakhale vesi imodzi, anakweza dzanja. Kenako wamkazi uja anandifunsa kuti, nkhani yako ndi yotani? Ndinati nkhani yanji? Anati makolo alipo? Ndinati onse awiri alipo, ali bwino. Unadwalapo matenda aakulu? Ayi. Unasiyira sukulu panjira? Ayi, ndinamaliza. Ndinaona ndi maso anga cholembera chikuikidwa pansi. Anati tikuimbira foni. Mpaka lero foniyo ikubwerabe.

Amene anali kumbuyo kwanga anali bambo wina atavala chijasi chonyezimira ndi chipewa cha nthenga. Pamzere paja tinamumva akuyeserera, ndipo tonse tinkaluma milomo kuti tisaseke. Iye uja anadutsa. Anadutsanso gawo lachiwiri. Patapita miyezi ndinamuona pa TV ali pamaso pa majaji enieni, akumuseka, dziko lonse likumuseka. Chimene chinandipweteka n'chakuti munthu uja anali atauzidwa kawiri konse kuti wakhoza. Analowa m'chipinda muja akukhulupirira ndi mtima wonse kuti amatha.

Kondwani: Eee, ndiye ine ndimaseka kwambiri gawo limenelo. Mwandichititsa manyazi achemwali.

Nangozo: Nanenso ndinkaseka ndisanapiteko.

Yamikani: Zimene anena a Nangozo si zachilendo, mipikisano ikuluikulu yonse imayamba ndi akonzi a pulogalamu, majaji amaona okhawo amene asefedwa kale. Anthu masauzande sangaimbire anthu atatu. Ndiye ukaona munthu wosatha kuimba ali pamaso pa jaji, dziwa kuti wina anamusankha dala. Idols ya ku South Africa inafika pokhala ndi mphoto yakeyake ya oimba moipa, Wooden Mic. Ku America, William Hung anatchuka mu 2004 chifukwa cholephera, mpaka anatulutsa chimbale. Iye zinamuyendera, koma ambiri amangobwerera kwawo kukakhala choseketsa cha pamsika.

Ndipo njira yomweyo amaitembenuzanso. Mukukumbuka Susan Boyle mu 2009 pa Britain's Got Talent? Asanaimbe, kamera inayamba yazungulira mu holo kuonetsa anthu akukwinya nkhope ndi kuseka maonekedwe ake. Kenako anatsegula pakamwa, holo yonse n'kusanduka. Akonzi anali atamumva kale, ankadziwa chimene chikubwera. Kunyozako anakusonkhanitsa dala kuti kudabwa kwathu kukule.

Mayi a Dalitso: Koma mayi uja ankaimbadi.

Yamikani: Kwambiri. Ndipo sanapambane, anakhala wachiwiri, gulu lovina la Diversity ndi limene linatenga. Mpikisano utangotha anamutengera kuchipatala chifukwa cha kutopa ndi kupanikizika maganizo. Munthu anachoka kumudzi kwawo ku Scotland palibe womudziwa, m'masabata ochepa dziko lonse likukamba za tsitsi lake ndi nsidze zake.

Aphunzitsi Mvula: Apa ndi pamene ine ndimadandaula, makamaka akakhala ana. Munthu wamkulu angathe kunena kuti ndinasankha ndekha. Mwana wa zaka khumi akaiwala mawu pa siteji n'kulira, kanemayo sachokanso pa intaneti. Adzakula, adzafunsira ntchito, kanemayo alipobe.

Nangozo: Ndipo ndemanga za pa Facebook aphunzitsi. Dzulo ndinalowa pa tsamba la pulogalamu ija. Anthu amene akuti amakonda mtsikana wa diresi yofiira akutukwana mnyamata uja, mpaka kutchula malemu mayi ake. Mwanayo walakwanji? Anadzivotera yekha?

Tiyamike: Ine sindinatukwane. Ndinangolemba kuti ndi zachinyengo.

Kondwani: Ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinaona.

Anambewe: Monga woyang'anira gulu lino ndingokumbutsa, pano titsutsane mmene tingathere koma mwana wa munthu asatukwanidwe. Pitirizani. Koma ndili ndi funso kwa Tiyamike, poti ndi amene wayambitsa moto. Iwe unavota kangati?

Tiyamike: Anambewe, funso limenelo likubwera bwanji?

Anambewe: Kangati?

Tiyamike: Sindinavote. Ndimaona ngati adutsa kale. Aliyense amamukonda, majaji anaimirira, ndinati voti yanga imodzi isintha chiyani.

Kondwani: Hahaha! Mlandu watha! Wakuba tamupeza, anali m'nyumba momwemo!

Mayi a Dalitso: Ndiye umandinena ine kuti ndakupha? Ine ndinavota kakhumi ndi kawiri, iwe unakhala manja lende. Fodya wako ndi amene ali pamphuno mwanawe.

Anambewe: Tiyeni tiwerengane. Amene amafuna mtsikana uja apitirire anene, ndipo anene ngati anavota.

Kondwani: Ndimamufuna. Sindinavote.

Nangozo: Ndimamufuna. Ndinavota kamodzi, kenako ndinavoteranso mtsikana wamfupi wa nyimbo zauzimu uja, poti nayenso ndimamukonda.

Aphunzitsi Mvula: Ine sindidziwa n'komwe mmene amavotera.

Achisale: Ine mukudziwa kale.

Yamikani: Taonani, gulu lathu lomweli lafotokoza zonse popanda chinyengo chilichonse. Anthu asanu omukonda, voti imodzi. Munthu mmodzi wokonda mnyamata uja, mavoti 12. Mpikisano suwerenga kuti ndi anthu angati amakukonda, umawerenga kuti amene amakukondawo akuopa bwanji kuti utuluka. Woimba bwino kwambiri amagwa chifukwa omukonda amagona tulo. Amene majaji amukalipira ndiye anthu amathamangira kukamupulumutsa.

Ndipo zimene achita a Nangozo, kugawa mavoti pakati pa atsikana awiri oimba mofanana, ndi zimene zinachitika pa American Idol mu 2004. Sabata ina atatu otsika kwambiri anali Jennifer Hudson, Fantasia Barrino ndi LaToya London, atsikana atatu akuda amene aliyense ankati ndi amene amaimba kuposa onse. Jennifer Hudson anatuluka pa nambala 7. Anthu anakwiya kwambiri, Elton John mpaka ananena poyera kuti ndi tsankho. Ena ankati ayi, atatuwa ankangolimbirana ovota amodzimodzi. Fantasia ndi amene anadzapambana chaka chimenecho. Jennifer Hudson, wotuluka pa nambala 7 uja, mu 2007 analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu.

Tiyamike: Apo ndiye mwandipepesa pang'ono.

Achisale: Koma tsankho lilipo, musalizembe.

Yamikani: Sindikulizemba bambo. Idols ya ku South Africa inayamba mu 2002, woyamba kupambana anali Heinz Winckler. Munthu wakuda woyamba kupambana anali Khaya Mthethwa, mu 2012. Zaka khumi, m'dziko limene akuda ndi ochuluka kwambiri komanso lodzaza ndi oimba. Sikuti zaka zonsezo kunalibe wakuda wodziwa kuimba. Funso ndi lakuti ndani anali ndi dikoda yoonera tchanelo chimene chinkaonetsa pulogalamuyo, ndani anali ndi mayunitsi otumizira mauthenga makumi. Pulogalamu itakhazikika pa tchanelo cha Mzansi Magic, owonera anasintha, opambananso anasintha. Wovota ndi amene ali ndi TV ndi ndalama ya pafoni, osati dziko lonse monga amanenera pa siteji paja.

Nangozo: Onjezanipo za wakwathu. Munthu akangomva kuti mwana uyu ndi wa chigawo chathu, kapena amapemphera mpingo wathu, makutu amatseka. Mpingo wonse ukagwirizana kuti tikatuluka m'mapemphero aliyense atumize mauthenga khumi, woimba wopanda gulu kumbuyo kwake alimba bwanji?

Mayi a Dalitso: Nanga n'kulakwa kukweza wako?

Nangozo: Sindinati n'kulakwa mayi. Ndikungoti tisamatche kuti tikusankha mawu.

Kondwani: Ine ndinasiya kudabwa mu 2012, pomwe galu anapambana Britain's Got Talent. Galu weniweni wa miyendo inayi, dzina lake Pudsey, ankavina ndi mtsikana mwini wake. Oimba anayeserera miyezi, galu n'kutenga chikho. Ndipo mu 2015 anapambananso galu wina, kenako zinadziwika kuti poyenda pa chingwe paja anali atasinthanitsa ndi galu mnzake wofanana naye. Anthu anakadandaula ku Ofcom kuti tinavotera galu wolakwika.

Anambewe: Kondwani usatinamize.

Yamikani: Sakunama Anambewe, zinachitikadi.

Aphunzitsi Mvula: Mipikisano yosakaniza ija ndiye sindiimvetsa. Woimba, wovina, wamatsenga, woseketsa, galu, onse pa sikelo imodzi. Uwayeza ndi chiyani? Komabe ndisaname, pomwe Ndlovu Youth Choir ya ku Limpopo inafika ndime yomaliza ya America's Got Talent mu 2019 ndinaonera kanema wawo kangapo. Ana aja amapuma pamodzi, amatseka liwu pamodzi, ndipo amavina osataya kiyi. Amene anaphunzitsapo kwaya akudziwa kuti kuvina uku ukuimba mawu anayi si masewera. Sanapambane, koma ine ndinawaonetsa ana anga a kwaya ngati phunziro.

Tiyamike: Ndi ana a ku Uganda aja, Ghetto Kids, pa Britain's Got Talent mu 2023. Jaji anadina belu lagolide, lija lodutsitsa munthu pompopompo, asanamalize n'komwe kuvina.

Kondwani: Bruno Tonioli. Anzake anachita kumuyang'ana kuti bambo, timadikira amalize.

Anambewe: Nanga ija ya mipando yotembenuka? Ine ndimaiona ngati yachilungamo, poti jaji saona nkhope.

Yamikani: The Voice. Inayambira ku Netherlands mu 2010, ndipo nzeru yake inali yomweyo, kuyankha dandaulo lakuti mipikisano ina imasankha nkhope. Koma khungu lake ndi la tsiku limodzi. Mpando ukangotembenuka, zonse zabwerera, zovala, kafilimu ka kumudzi, misozi, mavoti. Ndipo ngakhale pa tsiku loyambalo, jaji yekha ndi amene saona. Ife kunyumba timakhala titaonetsedwa kale nkhope ndi mbiri yonse.

Aphunzitsi Mvula: Komanso amene amaonekera kwambiri pamenepo ndi majaji, akukanganirana woimba, akuseka okhaokha. Mukafunsa munthu kuti jaji wa pulogalamu ija ndani, akutchulirani onse anayi. Mufunseni amene anapambana.

Anambewe: Aphunzitsi mwandikumbutsa. Tiyeni tiyese pompano, osafufuza pa Google. Mpikisano womwe tikukanganawu, chaka chatha anapambana ndani?

Kondwani: Mnyamata wamtali uja. Wa ndolo.

Tiyamike: Ayi, wa ndolo anali wachiwiri. Anapambana mtsikana.

Mayi a Dalitso: Anali mnyamata, ndinamuvotera ine. Amene bambo ake anali pa njinga ya olumala. Dzina landithawa.

Anambewe: Mayi a Dalitso, munamuvotera kangati?

Mayi a Dalitso: Musandifunse, bambo a Dalitso ali pa gulu lino.

Anambewe: Nyimbo yake yatulukapo? Alipo anaigula, kapena kupita kukamuonera akuimba?

Kondwani: Zii.

Nangozo: Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Chaka chatha pa gulu lino tinatsala pang'ono kudana chifukwa cha mwana ameneyo. Wina anatuluka m'gulu. Lero dzina lake palibe akulidziwa. Timawakonda Lamlungu madzulo basi. Magetsi a pa siteji akazima, mwana amatsala yekha ndi kontrakiti imene anasaina asanaiwerenge, pomwe ife tayamba kale kulira ndi nkhani ya wina watsopano.

Aphunzitsi Mvula: Nyimbo imodzi sachezera gule. Pa mpikisano umaimba nyimbo za eni, zimene anthu amazikonda kale, bandi yabwino ili kumbuyo, wokusankhira zovala alipo. Theka la m'manja limene ukulandiralo ndi la mwini nyimbo. Ukatuluka umafunika nyimbo zakozako, ndipo palibe sabata imene anakuyesa zimenezo. Kuimba bwino ndi kupeka ndi ntchito ziwiri.

Yamikani: N'chifukwa chake kawirikawiri otuluka msanga ndi amene amapita patali. One Direction inakhala yachitatu pa The X Factor mu 2010, wopambana anali Matt Cardle. Adam Lambert anakhala wachiwiri pa American Idol mu 2009, lero amaimba ndi gulu la Queen. Ku South Africa, Shekhinah ndi Amanda Black onse anadutsa pa Idols osapambana, koma atatuluka anabwera ndi nyimbo zawozawo ndipo ndi amene timawamva. Sindikuti opambana onse amazimirira, Kelly Clarkson anapambana American Idol yoyamba mu 2002 ndipo mpaka pano ndi dzina lalikulu. Koma chikho pachokha sichitsimikizira kanthu. Ngakhale ndalama zimene amalengeza zija muzizimvetsa bwino. Madola 1 miliyoni a America's Got Talent, timalemba ta kumapeto kwa pulogalamu timanena kuti amaperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka 40, ukafuna zonse nthawi imodzi umalandira zochepa kwambiri, msonkho usanachotsedwe.

Achisale: Zaka 40! Ndiye ukapambana uli ndi zaka zanga, otsala adzadya ndi adzukulu.

Kondwani: Achisale mukaimbe chiyani inu, nyimbo ya fuko?

Achisale: Mwana iwe, ine ndinali wa besi usanabadwe.

Yamikani: Ndipo owonera nawo amatopa. The X Factor ya ku Britain inaima mu 2018. Idols ya ku South Africa inatseka mu 2023 itachitika maulendo 19. American Idol inatsekedwa pa tchanelo cha Fox mu 2016, n'kudzaukanso pa tchanelo cha ABC mu 2018. Masiku ano mwana amajambula nyimbo pa foni kuchipinda, n'kuiika pa TikTok, osaima pamzere kapena kufunsidwa ngati makolo ake ali moyo.

Nangozo: Koma kumenekonso amafuna nkhani achimwene. Kungoti wokufunsayo saoneka.

Mayi a Dalitso: Inu nenani zonse, ine Lamlungu ndikhala pa mpando wanga. Ndi nthawi yokhayo imene nyumba yonse timaonera chinthu chimodzi, ana osagwira mafoni, bambo awo akutsutsana ndi jaji ngati akuwamva. Ndipo wa gitala ndimuvoteranso.

Aphunzitsi Mvula: Muvotereni mayi, koma wina amuuze asiye kutseka maso pa kolasi. Komanso gitala ija chingwe chachitatu chinali chosakoka bwino.

Tiyamike: Aphunzitsi, ndabwereza kanema uja ndi mahedifoni monga munanenera.

Aphunzitsi Mvula: Ndiye?

Tiyamike: Kumapeto kuja anatsikadi. Pang'ono. Koma ngakhale atatsika amaposa wa gitala.

Aphunzitsi Mvula: Pamenepo sindikutsutsa.

Kondwani: Abale, taonani tsamba la pulogalamu ija pompano! Alengeza kuti Lamlungu mmodzi mwa otuluka abwerera. Akuti anthu avote pakati pa anayi, ndipo wa diresi yofiira ali pomwepo. Mizere yatsegulidwa mpaka Lachisanu usiku.

Yamikani: Mwaona? Anaona mkwiyo wa dzulo pa Facebook, anati apa pali ndalama. Amutulutsa, tilipire kuti abwerere, akabwerera tilipirenso kuti asatuluke.

Tiyamike: Ndikudziwa kuti akundidyera. Ndavota kale kasanu.

Nangozo: Ine katatu. Ulendo uno sindigawa.

Aphunzitsi Mvula: Wina andilembere bwinobwino mmene amachitira, pang'onopang'ono, ndi kumene ndikanikize.

Mayi a Dalitso: Poti wa gitala sali pa mndandanda umenewu, ndimuponyera kawiri mtsikana wanuyo. Tiyamike usadzatinso ndinakupha.

Achisale: Nambala yake ya mtsikanayo ndi chani?

Kondwani: Achisale?? Inu amene mavoti sawerengedwa?

Achisale: Si ine. Akufunsa ndi mayi akunyumba.

Anambewe: Mayi akunyumba ali pa gulu lino Achisale, ndipo anavota kale. Nambala ndi 4.